Chinepali chinapambana kale, nanga mantha ndi a chiyani?

Pa 1 June 1999 Khoti Lalikulu la ku Nepal linaletsa khonsolo ya mzinda wa Kathmandu kugwiritsa ntchito Chinewari, n'kuletsanso khonsolo ya Rajbiraj ndi ya boma la Dhanusha kugwiritsa ntchito Chimaithili. Makhonsolowo sanachotse Chinepali ayi. Anangoika chilankhulo cha eni dera pambali pake, koma khoti linati ngakhale zimenezo n'zosemphana ndi malamulo a dziko a 1990. Anewari amalikumbukirabe tsikulo chaka ndi chaka ngati tsiku lakuda. Malamulo anasintha mu 2015, koma maganizo amene anabala chigamulocho akadali amoyo m'maofesi ambiri: akuti Chinepali n'chosalimba, ndipo mukangolola chilankhulo china kulowa m'kalasi kapena mu ofesi ya boma, dziko ling'ambika. Ine ndikuti ayi. Chinepali chinapambana kalekale, ndipo zimene zikuchidya lero si Chitamang kapena Chitharu.

Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 29 miliyoni ndi zilankhulo 124. Amene anayamwira Chinepali ndi 44.86 peresenti. Chimaithili chili pa 11 peresenti, Chibhojpuri pa 6, Chitharu pafupi ndi 6, Chitamang pafupi ndi 5, Chinewari pafupi ndi 3. Kuwonjezera apo, anthu ena pafupifupi 46 pa 100 alionse anati Chinepali ndicho chilankhulo chawo chachiwiri. Phatikizani ziwerengero ziwirizi muone: anthu 9 pa 10 alionse amachilankhula. Ndi mayiko angati a zilankhulo zoposa 100 amene ali ndi chilankhulo chofala chonchi?

Oopa amaloza kuti mu 1981 oyamwira Chinepali anali 58 peresenti, ndiye kuti chikutsika. Koma kalembera wa 1981 anangolemba zilankhulo 18, wa 2001 analemba 92, wa 2011 analemba 123. Zilankhulozo sizinabadwe usiku umodzi. Kale wowerenga anthu ankangolemba Chinepali akaona kuti munthu wamuyankha m'Chinepali, ndipo anthu ankaopa kutchula chilankhulo cha kwawo. Komanso anthu a kumadzulo kwenikweni, olankhula Chidoteli, Chibaitadeli ndi Chiachhami, amene kale ankawaphatikiza ku Chinepali, anayamba kulembedwa paokha. Chimene chinatsika ndi bodza la m'kaundula, osati chilankhulo.

Kwawo kwenikweni kwa Chinepali si Kathmandu. Chinachokera kumapiri a kumadzulo, m'chigwa cha Sinja m'boma la Jumla, kumene kunali ufumu wa Akhasa, ndipo anthu ankachitcha Khas kura, kenako Parbatiya kapena Gorkhali. Chinafika ku Kathmandu ngati chilankhulo cha olamula pamene Prithvi Narayan Shah, mfumu ya Gorkha, analanda chigwa cha Kathmandu mu 1768 ndi 1769. Dzina loti Nepal linali la chigwa chimenecho, ndipo eni ake, Anewari, amatcha chilankhulo chawo Nepal Bhasa mpaka lero. Boma linayamba kugwiritsa ntchito dzina loti Nepali mochedwa, mu 1933, pamene linasintha dzina la bungwe lake losindikiza mabuku limene linakhazikitsidwa mu 1913. N'chifukwa chake Mnewari akamadandaula, sadandaula za chilankhulo chokha. Amadandaulanso za dzina.

Boma linachikankha ndi mphamvu, zimenezo n'zoona. M'nthawi ya ulamuliro wa banja la Rana, alembi a Chinewari ankatsekeredwa, ndipo wolemba ndakatulo Chittadhar Hridaya anakhala m'ndende m'zaka za m'ma 1940 chifukwa cha zolemba zake. Lipoti la komiti yokonza maphunziro la 1956 linanena mosabisa kuti ana akaphunzitsidwa m'Chinepali chokha, zilankhulo zinazo zidzazimiririka ndipo dziko lidzalimba. Mfumu Mahendra atalanda boma mu 1960, ulamuliro wake wopanda zipani wotchedwa Panchayat unabwera ndi mfuu yoti chilankhulo chimodzi, chovala chimodzi, dziko limodzi. Mu 1965 wailesi ya Radio Nepal inasiya kuulutsa nkhani m'Chinewari ndi m'Chihindi. Ife a Chichewa nkhaniyi sitiimva ngati yachilendo, poti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka chinabwereranso mu 1994, ndipo tikudziwa kuti mkwiyo wa chinthu chotere umakhalitsa kuposa lamulo lake.

Funso langa n'lakuti: kodi ndi mkwapulo wa bomawo umene unachifalitsa? Yankho lili kutsidya kwa malire, ku India, kumene boma la Kathmandu linalibe ulamuliro ngakhale pang'ono. Kuyambira m'zaka za m'ma 1850 minda ya tiyi ya ku Darjeeling inakoka anthu ochokera kum'mawa kwa Nepal: Arai, Alimbu, Atamang, Amagar, Agurung, Anewari. Ambiri mwa iwo kwawo sankalankhula Chinepali. Koma pamzere wothyola tiyi, pamsika ndi m'maukwati osakanizika anafunika chilankhulo chimodzi, ndipo anasankha chimenechi popanda wowaopseza. M'gulu la asilikali a Gurkha, amuna a ku Nepal amene Britain inayamba kuwalemba ntchito mu 1815, zinayendanso chimodzimodzi: Mmagar ndi Mlimbu ankamvana m'Chinepali, ndipo mpaka lero ofisala wa ku Britain wolowa m'gululi amayenera kuchiphunzira. Ku Darjeeling n'kumene kunakhazikitsidwa bungwe la Nepali Sahitya Sammelan mu 1924, Kathmandu isanavomereze n'komwe dzinalo.

Kumeneko olankhula Chinepali ndiwo anali opempha. Chigawo cha West Bengal, m'mene muli Darjeeling, chinachivomereza kumadera a mapiri mu 1961, cha Sikkim mu 1977, ndipo patapita zaka zambiri za zionetsero chinalowa pamndandanda wa zilankhulo za m'malamulo a India mu August 1992, limodzi ndi Chikonkani ndi Chimanipuri. Kalembera wa India wa 2011 anapeza ochilankhula 2.9 miliyoni, ndipo ku Sikkim ndiwo ochuluka, oposa 6 pa anthu 10 alionse. Mu 2017 boma la West Bengal litalengeza kuti Chibengali chiziphunzitsidwa m'sukulu zonse, Darjeeling inatseka mashopu, sukulu ndi minda ya tiyi kwa masiku 104. Tamverani bwino zimene ankanena anthu a kumapiriwo: musatikakamize chilankhulo cha ochuluka. Ndi mawu omwewo amene Mtamang amanena ku Kathmandu n'kumatchedwa wogawanitsa dziko.

Ku Bhutan zinafika poipa. Anthu a kumwera kwa dzikolo, otchedwa Lhotshampa, amalankhula Chinepali. Lamulo la unzika la 1985 ndi kalembera wa 1988 zinachotsa ambiri pa kaundula wa nzika, ndipo mu 1989 boma linachotsa Chinepali m'sukulu n'kulamula kuti aliyense azivala ndi kuchita monga mwa mwambo wa olankhula Chidzongkha. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu anali atathawa mwaunyinji, ndipo oposa 100,000 anadzakhala m'misasa 7 m'maboma a Jhapa ndi Morang ku Nepal. Kuyambira 2007 anasamutsidwira kumayiko ena, ambiri ku America, n'chifukwa chake lero mumamva Chinepali m'misewu ya Columbus ndi Akron ku Ohio kapena Harrisburg ku Pennsylvania. Mfundo ya chilankhulo chimodzi, chovala chimodzi, imene Panchayat inkaimba, Bhutan inangoitembenuzira kwa eni ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali zinthu ziwiri zimene otsutsana nane anganene, ndipo zonse zili ndi mutu. Choyamba, kufala mwamtendere nakonso kumapha. Zidzukulu za Arai ndi Atamang a ku Darjeeling zambiri sizidziwanso chilankhulo cha agogo awo, ndipo Chilepcha, cha eni nthaka a ku Sikkim, chikufota pamaso pa Chinepali popanda msilikali aliyense. Zimenezo n'zoona, ndipo zikungotsimikiza kuti Chinepali chili ndi mphamvu zake zokwanira, moti dzanja la boma liyenera kupita kwa ofooka. Chachiwiri, dziko losauka silingasindikize mabuku m'zilankhulo 124, ndipo mwana wosadziwa Chinepali sadzapeza ntchito m'boma. Apanso ndikuvomereza. Mwana aliyense wa ku Nepal ayenera kutuluka m'sukulu akuchidziwa bwino. Pamene tikusiyana ndi pa njira yomufikitsira pamenepo, ndipo kuti timvane tiyenera kulowa m'kalasi.

Tengani mwana wa zaka 6 wa m'mudzi wa Atamang ku Rasuwa kapena ku Sindhupalchok. Chitamang ndi cha banja limodzi ndi Chitibeti, pamene Chinepali ndi chachibale ndi Chihindi ndi Chibengali. Kusiyana kwake si kwa Chichewa ndi Chitumbuka ayi, n'kwakukulu kwambiri. Tsiku loyamba mwanayu amakumana ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuzindikira kuti chizindikiro cha papepala chimaimira liwu, ndi kumva chilankhulo chimene mayi ake salankhula. Chinepali chimalembedwa m'zilembo za Devanagari, ndipo zilembo zopanda liwu zimene amaloweza zilipo 36, kuphatikizapo zitatu zophatikiza. Pamene ife timasiyanitsa pala ndi phala, Chinepali chimasiyanitsa zinayi: pa, pha, ba, bha, ndipo chimateronso pa ka, kha, ga, gha. Chili ndi t ndi d wa pamano komanso t ndi d wopinda lilime. Mwana amene makutu ake sanazolowere ba ndi bha amalemba molakwa, mphunzitsi n'kumuyesa wogona.

Ndiye pali ulemu. Ife tili ndi iwe ndi inu. Chinepali chili ndi ta kwa mwana wamng'ono kapena mnzako wa pamtima, timi kwa mnzako kapena wamng'ono kwa iwe, tapai kwa wamkulu ndi mlendo, ndi hajur pamwamba pake, ndipo mneni amasintha malinga ndi ulemuwo. Pouza munthu kuti akhale pansi mumati bas, basa kapena basnus, malinga ndi amene mukumuuza. Mwana wa ku Rasuwa akanena bas kwa mphunzitsi watukwana osadziwa. Palinso kachidutswa kakuti le kamene kamamatiridwa kwa wochita chinthu pa nthawi yapita: pa ma gae, ndinapita, le palibe, koma pa maile khae, ndinadya, alipo. Manambala kuyambira 1 mpaka 100 amalowezedwa limodzi limodzi chifukwa satsata dongosolo looneka: 25 ndi pachchis, 50 ndi pachas, 55 ndi pachpanna, 79 ndi unasi pamene 80 ndi asi. Mwana wa banja lolankhula Chinepali amabwera nazo zonsezi kuchokera kunyumba. Mnzake amaziphunzira uku akuyesedwa mayeso omwewo, tsiku lomwelo.

Njira yothandiza ndi yodziwika, ndipo Nepal inaiyesako m'sukulu zochepa pakati pa 2007 ndi 2009 mothandizidwa ndi Finland. Mwana aphunzire kuwerenga m'chilankhulo cha kwawo kwa zaka zitatu zoyambirira. Chinepali chiyambe tsiku loyamba lomwe, koma chapakamwa: nyimbo, moni, kutumana, masewero a pamsika, osachepera theka la ola patsiku. Kuwerenga Chinepali kulowe m'chaka chachiwiri mwana atagwira kale zilembo. Kuyambira chaka chachinayi maphunziro asamukire ku Chinepali pang'onopang'ono, masamu ndi sayansi zikhale zomalizira, chilankhulo cha kwawo chitsale ngati phunziro. Pa zilembo ndimaima ndi amene amati zaka zoyambirirazo mwana alembe chilankhulo chake m'Devanagari, kuti zimene waphunzira asamuke nazo. Ndikudziwa kuti Alimbu amanyadira zilembo zawo za Sirijanga, Anewari za Ranjana ndi Prachalit, Amaithili za Tirhuta, ndipo ziyenera kuphunzitsidwa. Koma zibwere mwana akuwerenga kale, osati mitundu itatu ya zilembo pamutu pa mwana wa zaka 6, poti Chingerezi nacho chikudikira pakhomo.

Zimafera pati? Kawirikawiri pa mphunzitsi. Boma limatumiza kumudzi wa Atamang munthu wa chigawo china wosamva ngakhale moni wa kumeneko, mabuku a Chitamang n'kungokhala m'kabati. Malamulo a 2015 anapereka sukulu za pulayimale ndi sekondale m'manja mwa makhonsolo 753, choncho khonsolo ingathe kufuna kuti wophunzitsa makalasi atatu oyambirira azilankhula chilankhulo cha ana, ndipo ayesedwe pakamwa, osati kungoonetsa satifiketi. Pena zimafera pa buku lolakwika. Chitharu si chimodzi: cha ku Dang, cha ku Chitwan, cha Arana a ku Kailali ndi Kanchanpur ndi cha kum'mawa n'zosiyana, ndipo Arai ali ndi zilankhulo zoposa 20 zosamvana. Buku la Chibantawa silithandiza mwana wa Chikulung. Musanasindikize, werengani ana a kalasi iliyonse ndi chilankhulo cha kunyumba kwawo. Pamene ambiri ali a chilankhulo chimodzi, phunzitsani m'chimenecho. Pamene asakanizika mitundu inayi kapena isanu, monga m'matauni a m'mbali mwa msewu waukulu wa kum'mawa ndi kumadzulo, Chinepali ndicho choyenera, koma pakhale wothandizira mphunzitsi wochokera m'deralo. Ndipo sikofunika kuyamba ndi zilankhulo 124. Zilankhulo 10 zikuluzikulu zimafikira ana ochuluka zedi mwa amene sanayamwire Chinepali.

Kuchigwa cha Terai, m'malire ndi India, vuto ndi lina. Chimaithili, Chibhojpuri ndi Chiawadhi n'zachibale ndi Chinepali, ndipo mwana wa ku Janakpur amachigwira msanga kuposa wa ku Rasuwa. Kumeneko nkhani ndi yokayikiridwa. Munthu akalankhula Chinepali ndi kamvekedwe ka kuchigwa amafunsidwa ngati ndi Mnepali weniweni. Wachiwiri kwa pulezidenti woyamba, Parmananda Jha, atalumbira m'Chihindi mu 2008, khoti linafafaniza lumbirolo mu 2009, ndipo anadzalumbiranso mu 2010 lamulo litasinthidwa. Chimaithili chili ndi mabuku akale kuposa Chinepali, ndipo ku India n'chovomerezeka m'malamulo. Kuuza anthu oterewa kuti chilankhulo chawo n'cha kukhitchini n'kudziputira mkwiyo waulere.

Papepala Nepal inakonza kale zinthu. Ndime 6 ya malamulo a 2015 imati zilankhulo zonse zoyamwira ndi za fuko. Ndime 7 imati Chinepali cholembedwa m'Devanagari ndicho cha ntchito za boma, koma chigawo chilichonse mwa 7 chingawonjezere china. Ndime 31 imapereka ufulu wophunzira m'chilankhulo choyamwira. Komishoni ya zilankhulo inapereka maganizo ake mu 2021, ndipo chigawo cha Bagmati, m'mene muli Kathmandu, chinayamba kugwiritsa ntchito Chitamang ndi Chinewari mu 2024. Koma lamulo silimasulira fomu. Pofunika ntchito za omasulira zolembedwa mu bajeti, osati kudalira mesenjala amene wapezeka kuti ndi Mtamang. Pofunika mndandanda umodzi wa mawu a za malo, misonkho ndi milandu, kuti ofesi iliyonse isamapeke ake. Pofunika kunena poyera kuti zolemba ziwiri zikasemphana, khoti litsata iti. Ndipo ayambire pamene munthu wamba amavutikira, pa fomu ya unzika, ya kubadwa, ya malo ndi pa malangizo a kuchipatala. Chikwangwani cha pageti cha zilankhulo zitatu n'chokongola pa chithunzi, koma sichithandiza gogo amene akudinda chala pa pepala logulitsa munda osamva zimene zalembedwapo.

Tsono amene amakondadi Chinepali ayang'ane kumene ana akuthawira. Sathawira ku Chitamang. Akuthawira kusukulu zolipira za Chingerezi zimene kumeneko amazitcha boarding ngakhale ana sagonera komweko, ndipo zina mwa izo zimalanga mwana wolankhula Chinepali pabwalo. Sukulu za boma zambiri, poopa kutha ana, nazo zinalengeza kuti zikuphunzitsa m'Chingerezi, ndi aphunzitsi omwe aja amene Chingerezicho chimawavuta. Mwana amatuluka osadziwa bwino chilichonse mwa ziwirizi. Makolowo sindiwanena. Ndalama zotumizidwa ndi ogwira ntchito kunja zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha dzikolo, ndipo woyenda m'misewu ya Putalisadak ndi Bagbazar ku Kathmandu amaona zikwangwani za makalasi a Chikoreya, Chijapani ndi mayeso a Chingerezi zitapanikizana mpaka nsanjika yachinayi. Kholo likuwerenga kumene kuli ndalama. Koma amene amapsa mtima akamva za Chitharu m'kalasi yoyamba n'kukhala chete pa zimenezi, sakuteteza Chinepali ayi.

Kunjako, ku Qatar, Malaysia, Aldershot ku Britain, kapena ku Australia kumene kalembera wa 2021 anapeza oposa 130,000 ochilankhula panyumba, Chinepali chikuchitanso zimene chinachita ku Darjeeling: chikulumikiza anthu amene kwawo sankamvana. Koma amene amagwira ntchito ndi anthuwa m'zipatala ndi m'maofesi amalakwitsa zinthu zofanana. Amaitana womasulira wa Chihindi poganiza kuti n'chimodzimodzi popeza zilembo n'zofanana. Mnyamata wokulira pa mafilimu a ku India angamve, koma mayi wachikulire wa kumapiri samva, amangogwedeza mutu mwaulemu. Amaganiza kuti aliyense wa ku Nepal amamasuka m'Chinepali, pamene mkazi wa msilikali wopuma wa Gurkha mwina amafotokoza bwino ululu wake m'Chigurung kapena Chimagar. Ndipo amalemba kuti kwawo ndi ku Nepal munthu wobadwira ku Bhutan kapena ku Sikkim, chinthu chimene kwa iye n'chopweteka chifukwa ndi bodza lomwelo limene anathamangitsidwira kapena amanyozedwera nalo. Mafunso ndi awiri ndipo afunsidwe padera: kwanu n'kuti, nanga kunyumba mumalankhula chiyani?

Pa zikalata samalani masiku ndi manambala. Nepal imagwiritsa ntchito kalendala ya Bikram Sambat, imene chaka chake chimayamba pakati pa April. Chaka cha 2082 chinayamba mu April 2025. Kuti mupeze chaka cha pa kalendala yathu, kuyambira pakati pa April mpaka December mumachotsa 57, kuyambira January mpaka pakati pa April mumachotsa 56. Tsiku lenileni simungalipeze ndi masamu a pamtima, chifukwa miyezi yake imakhala ya masiku 29 mpaka 32 ndipo imasintha chaka ndi chaka, choncho pamafunika tebulo losinthira. Manambala a Devanagari nawo amanyenga diso: १ ndi 1 koma amaoneka ngati 9, ४ ndi 4 koma amaoneka ngati 8, ७ ndi 7 koma amaoneka ngati 6. Kalaliki wothamanga angakulitse mwana ndi zaka zingapo, kapena kusokoneza mlingo wa mankhwala. Ndalama zimawerengedwa m'malakh, lakh imodzi kukhala 100,000, ndipo amailemba 1,00,000. Wosadziwa amaiwerenga ngati miliyoni.

Chinanso chimene chinawononga nthawi ndi mkangano wa kalembedwe. Chinepali cholembedwa chimasunga i ndi u wamfupi ndi wamtali, ndi zilembo zitatu za s, zimene pakamwa anthu ambiri sazisiyanitsa. Mu 2012 akuluakulu a maphunziro anavomereza kalembedwe katsopano kophwanya zilembo zina zophatikiza, mabuku a sukulu anasindikizidwa motero, alembi ndi aphunzitsi anakwiya, ndipo mu 2016 boma linabweza. Ana a zaka zimenezo anaphunzitsidwa kalembedwe kamene kenaka kanasanduka cholakwa pa mayeso. Kufewetsa kalembedwe sikoipa, makamaka poti oposa theka la ochilemba sanachiyamwire. Choipa n'kusintha mwakachetechete kudzera m'buku la kalasi, nyuzipepala ndi dikishonale zikulemba zina.

Bala lalikulu kwambiri, limene silikambidwa pamisonkhano ya ndale, lili mu kompyuta. Kwa zaka zambiri maofesi a boma, makhoti ndi osindikiza akhala akutaipa ndi font, kapena kuti mtundu wa zilembo za pa kompyuta, yotchedwa Preeti ndi zinzake monga Kantipur ndi Himali. Preeti si Chinepali m'kati mwa kompyuta. Ndi zilembo za Chingerezi zovekedwa nkhope ya Devanagari. Pa sikirini mumaona dzina la dziko, नेपाल, koma chimene kompyuta yasunga ndi g]kfn. Tumizani chikalatacho kwa munthu amene alibe font imeneyo, aona zinyalala. Fufuzani dzina la munthu m'zigamulo 1,000 za khoti zotaipidwa motero, simupeza kanthu. Pulogalamu yowerengera osaona imawerenga zinyalala zomwezo mokweza. Makina omasulira ndi ofufuzira pa intaneti sadziwa n'komwe kuti tsambalo ndi la Chinepali. Njira yolondola, Unicode, ilipo kalekale, ndipo laibulale ya Madan Puraskar Pustakalaya ku Patan inakonza makiyibodi ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ina yotsata kataipidwe kakale kuti mataipisiti asavutike, ina yotsata mamvekedwe a zilembo za Chingerezi. Chimene chimasowa ndi lamulo la mu ofesi loti chikalata cha Preeti chisalandiridwe.

Kusandutsa zakale kukhala Unicode n'kotheka, koma si kungodina batani. Chizindikiro cha i wamfupi chimalembedwa kumanzere kwa chilembo ngakhale chimatchulidwa pambuyo pake. Mu Preeti wotaipa amachiika patsogolo monga chikuonekera, pamene Unicode imachisunga pambuyo monga chikumvekera, choncho pulogalamu yosinthira iyenera kutembenuza dongosololo, ndipo pa zilembo zophatikiza ziwiri kapena zitatu imaphonya. Kachizindikiro ka r kokhala pamwamba pa mzere kamachitanso chimodzimodzi. Mawu a Chingerezi ndi manambala a m'kati mwa chikalata amasanduka Devanagari yopanda tanthauzo ngati simunawapatule poyamba. Font iliyonse ili ndi mapu ake, moti chikalata chosakaniza Preeti ndi Kantipur chiyenera kugawidwa ndime ndi ndime musanayambe. Gwiritsani ntchito fayilo yoyambirira yotaipidwa, osati PDF, chifukwa PDF imasokoneza dongosolo la zilembo. Pomaliza munthu wodziwa chilankhulo awerenge, makamaka mayina a anthu, manambala a malo ndi masiku. Ngakhale pa uthenga wa pafoni pali msampha: SMS ya zilembo za Chingerezi imanyamula zilembo 160, ya Devanagari 70 zokha, kotero chenjezo la madzi osefukira limene silinafupikitsidwe limaduka pawiri kapena patatu ndipo mtengo wake umakwera. Ndalama zokonzera zonsezi sizipita ku Chinepali chokha, chifukwa Chimaithili, Chibhojpuri, Chitharu, Chinewari ndi Chitamang cha masiku ano nazo zimalembedwa kwambiri m'Devanagari, pa kiyibodi yomweyo, ndipo taipisiti wa khonsolo amene waphunzitsidwa Unicode sabata imodzi angathe kutaipa fomu m'zonsezi.